Chipinda cha Munthu Mmodzi ku Kepi

Ine ntchito yanga ndi ya pa laputopu. Mabwana anga ali kunja, sitinagwiranepo chanza, chomwe amafuna n'chakuti netiweki izigwira basi. Ndiye chaka chatha, nditaganiza zosamukira ku Kepi, ndinasiya nyumba ya m'tauni msanga, ndi phuma langa lija. Mapepala a ulendo n'kuchedwa. Malandilodi a m'tauni aliyense ankati ndilonjeze chaka chathunthu. Chaka cha chiyani munthu ndili pa ulendo?

Nyumba ndinakaipeza ku Nathenje, kuseri kwa msika. Yamalata, matailosi mpaka kubafa. A Gilibati, amene anandipatsa makiyi, sanavute n'komwe.

"Mwezi ndi mwezi, achemwali. Tsiku lomwe mwatopa mungotiuza. Ndi ya mng'ono wanga Zakeyu, ankaimanga ali ku Kepi."

Ine n'kusangalala, osafunsa kuti a Zakeyuwo ali kuti.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere chinali kofikira ku Kepiko. Popanda chipinda, ulendo panalibe. Nditasakasaka ndinapeza Anti Zuwena, mayi wa kuno kwathu amene amachititsa lendi zipinda kumeneko, nawonso mwezi ndi mwezi. Chinatsala chimodzi. Lamulo lawo linali lakuti akazi okhaokha, mwamuna asapondeko. Anati tiyambe taonana pa vidiyo, aione nkhope yanga.

Anaimba kutangoda, magetsi atathima. Ndinayatsa kandulo n'kukhala patebulo, chitseko chili kumbuyo kwanga. Tikucheza bwinobwino, iwo akundionetsa bedi ndi kabati, ndinamva panja:

"Odi."

Mawu a mwamuna. Otsika, otopa, ngati munthu amene wangotsika basi yochokera kutali.

Abale inu, ine ndinakulira ku Mitundu. Ndikudziwa kuti kukada suyankha odi usanazindikire mawu, umayamba wafunsa kuti ndani. Koma mtima wanga wonse unali pa kabati ya Anti Zuwena. Pakamwa panangoyankha pokha.

"Lowani!"

Chitseko sichinatseguke. Ndinali nditakhoma ndekha. Koma moto wa kandulo unagona, n'kudzukanso. M'nyumba munazizira. Kenako chinthu cholemera chinaikidwa pamatailosi, phi! Ndinacheuka. Panalibe munthu.

Pobwerera pa laputopu, Anti Zuwena anali atasiya kumwetulira.

"Dorica, paja unati umakhala wekha?"

"Ndili ndekha, anti."

"Usandipusitse mwana iwe. Nanga bambo avala jekete aima kumbuyo kwakowo?"

Ndinayang'ana chithunzi changa pa laputopupo. Ine ndekha ndi mdima. 

"Anti, ndikulumbira..."

"Ndiye agwira mpando wakowo ndi ndani? Ine za mabodza ayi." Anadula foni.

Ngakhale patapata sindinavale. Ndinalimbana ndi kiyi, msana wanga ukumva kuti wina waima pomwepo, akudikira nditsegule. Ndinathamangira kwa aneba, kwa amake Madalo, laputopu ili kukhwapa. Atamva nkhani yanga anayang'anana ndi amuna awo, n'kutsitsa mawu.

"A Gilibati sanakuuzeni? Zakeyu anabwera m'bokosi. Nyumbayo sanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Mkazi wake ndi ana anatsala komweko ku Kepi. Ochita lendi onse akale ankamumva odi ameneyo, n'chifukwa chake sakhalitsa. Koma kuyankha, palibe anayankhapo."

"Ndiye kwa ine akufuna chiyani?"

Mayiwo anandifunsa:

"Paja inu mukupita kuti?"

Kutacha ndinalongedza n'kuthawira kwa akulu anga ku Mitundu. A Gilibati ndinawalalatira pa foni mpaka mawu kusasa, iwo n'kumangoti pepani achemwali, timayesa simumva. Koma ukali wanga sunandipatse chipinda. Ndinawalembera Anti Zuwena, kufotokoza zonse, kupepesa, kuchonderera. Anavomera kuti tionanenso.

Ulendo uno ndinasankha masana. Ndinakhala pabwalo, dzuwa lili pamutu, nkhuku zikuyendayenda, akulu anga akuchapa chapomwepo. Kumbuyo kwanga kunali khoma lokhalokha. Ndinalipapasa ndi dzanja ndisanayankhe foni.

Anti Zuwena anali atakhala m'chipinda chija. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasuntha n'kutseka kamera yawo ndi chikhatho, ine n'kumangomva mawu.

"Mwana wanga, ndakukhulupirira. N'chifukwa chake sindikupatsa chipindachi. Ali pomwepo. Ndipo lero sakuyang'ana iwe ayi, akuyang'ana m'nyumba mwangamu."

Ndinalira ngati mwana, akulu anga n'kutaya zochapa kudzandigwira.

Mapepala anatuluka. Ine ndikadali ku Mitundu. Ndaimbira malandilodi ena a ku Kepi, azungu ndi akuda omwe, oti sakudziwana n'komwe. Vidiyo ikangoyaka, tisanapatsane ndi moni yemwe, aliyense amayamba ndi funso limodzi:

"Mubwera awiri?"