Nsomba ya Khrisimasi ya Bambo Šourek

Lolemba m'mawa, ku Jablonec, Mayi Hujerová anapeza kabokosi ka m'sitolo yawo ya zinthu zakale kali pululu. Munkakhala kachikumbu kagalasi kolendewera pamkanda, kotengera zithumwa za ku Iguputo, kosulidwa m'tauni momwemo zaka zana zapitazo. Ukakatembenuza kankasintha mtundu: kobiriwira, kofiirira, kagolide.

"Analowa muno ndani?" anafunsa Sajeni Kubát.

"Šourek yekha, wokonza mapaipi."

Masana apolisi anagogoda kwa Šourek. Iye anathamangira kubafa. Monga m'nyumba zambiri zakumeneko sabata ya Khrisimasi, m'bafamo munkasambira nsomba yamoyo yodikira mpeni. Anaponyamo kachikumbuko n'kukatsekula chitseko.

Apolisi anagudubuza matilesi, anapisa m'nsapato, koma sanapeze kanthu. Sajeni anangosuzumira m'bafa. "Yonona bwanji! Mudye bwino, bambo."

Atachoka, Šourek anapapasa m'madzi monse. Munalibe. Nsomba inkangomuyang'ana, kukamwa kukutafuna.

"Jarmila! Mpeni uja uli kuti?" anafunsa mkazi wake.

"Lero? Khrisimasi sinafike, bambo ake Zdenička."

Zdenička, mwana wawo wa zaka zinayi, anaima pakhomo la bafa manja atatambasula. "Pepa saphedwa! Ndi mnzanga!"

"Choka iwe! Nsomba ilibe dzina!"

Mwana analira mpaka kutsamwa. Jarmila anamugwira pamphumi namva ngati wayamba kutentha. Šourek ali kukhitchini kunola mpeni, mayi anaveka mwana majuzi awiri, nsomba anaiika mundowa, n'kutulukira kukhomo lakuseri kukaitaya kudamu.

Šourek anawalondola atavala masilipasi, mpeni uli m'manja. Sajeni, amene anali atakhala m'galimoto pakona, anamutsata mwakachetechete.

Šourek anawapeza ndowa itapendekeka kale. Phava! Šourek analumphira m'madzi oundana m'mbali, navuuka atakumbatira nsomba ngati khanda.

"Mkazi wopusa iwe! Yameza katundu wanga!"

"Katundu wa ndani, bambo?" anafunsa Sajeni, akutulutsa unyolo.

Jarmila anamutseka mwana m'maso.

Kupolisi anaitana dokotala wa ziweto, poti Zdenička anakana kuchoka pabenchi, akuti Pepa asaphedwe. Kachikumbu kanatuluka m'nsombamo ndi kapani, kali phuliphuli. Khothi linapatsa Šourek miyezi isanu ndi itatu kundende. Pepa anamubwezera kudamu pa galimoto ya polisi.