Mzere Wachitatu wa Greyson

"Consolata, wachita chiyani? Tsamba langa lili kuti?"

Greyson anali atagwira mutu patsogolo pa kompyuta. Munali mu 2008, ndipo galimoto yopita kumpikisano wa masukulu ku Lilongwe imanyamuka 2 koloko masana omwewo. Kalabu yawo inali itapanga webusaiti ya ulimi wa mtedza, koma tsamba la alimi a kwa Mavwere, limene Greyson analivutikira masiku anayi, linali litasowa.

Onse ankagwiritsa ntchito kompyuta imodzi, ndipo munali pulogalamu yosunga ntchito. Ukalemba lamulo losungira, pulogalamuyo inkakumbukira pamene wafika, ukasokoneza n'kubwerera pomwepo. Wodziwa malamulowo anali Greyson yekha. Anzake atadandaula, anawalembera pepala n'kulimata pakhoma. Koma pepala lake, abale! Timizere tisanu basi, ngati zolemba adokotala. Mnyamatayu ankasangalala akamva anthu akuti, "Greyson, tabwera utithandize."

"Ndinalakwitsa dzina la mudzi patsamba langa," anatero Consolata. "Iwe unali utatuluka, ndiye ndatsata pepala lako."

"Bodza limenelo!"

Consolata anaimirira, naloza mzere wachitatu, nawerenga mokweza. "'Ukalakwitsa, lemba ichi.' Ndalemba chomwecho. Pali chinanso apa?"

Greyson anauwerenganso mzerewo. Lamulo limenelo silinkachotsa cholakwa chimodzi ayi. Linkabweza ntchito yonse pamene munthu anasungira komaliza, ndipo iye, katswiri mwini wake, anali asanasunge chiyambire Lolemba. Kuopsa kwa lamulolo ankakudziwa bwino, koma anasiya dala kufotokoza kuti anthu azimufunsa.

Anayesa uku, anayesa uko, thukuta lili kamukamu. Tsambalo silinabwere. Panja dalaivala anayamba kuliza hutala.

"Tipita ndi zimene zinasungidwa Lolemba," anatero aphunzitsi awo, Madamu Tembo, ataima pakhomo. "Malo m'galimoto ndi a munthu mmodzi. Tsamba lako palibe, Greyson, ukafotokoza chiyani kumeneko? Apite Consolata."

Consolata anayamba kulira. "Madamu, ine sindingapite. Ndine ndawononga ntchito ya mnzanga."

Greyson anayang'ana pakhoma paja. Akanangokhala chete, mlandu ukanatsala pamutu pa mtsikanayo, ndipo mwina malowo akanakhala ake. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Sanalakwe, Madamu," anatero motsitsa mawu. "Wachita zimene ndinalemba. Pepalali ndinalilemba dala kuti anthu asalimve."

Madamu Tembo anamuyang'ana. Kenako anauza Consolata kuti apukute misozi akakwere.

Galimoto itapita, Greyson anamatula pepala lija n'kutenga lina. Anaitana Pius, mnzake wa m'kalabu yemwe ankachita mantha ngakhale kukhudza kompyutayo.

"Khala apa. Ndizilemba ndikuwerenga. Pamene sukumva undiimitse."

Asanamalize n'komwe mzere woyamba, Pius anali atakweza kale dzanja. Greyson anafufuta, nayambiranso.