Afisi a pa Tebulo la Bra Des

Desmond Rampedi anandibwereka mwana. Ndalemba dzina lake lonse kuti aliyense wa ku Mamelodi amene awerenge izi asavutike kufunsa kuti ndikunena Desmond uti. Ndi yemwe uja wa galaja yobiriwira kuseri kwa malo okwerera minibasi, amene ana amamutcha Bra Des.

Abusa andipempha kuti ndilembe nkhaniyi chifukwa cha achinyamata a mumpingo. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho musayembekezere zokometsera. Ndilemba momwe zinachitikira basi.

Pakhomo panga panali mtendere. Ndinkagwira ntchito yoyang'anira pasukulu ina ya sekondale: kutsegula mageti, kukonza mipope, kusunga makiyi. Mkazi wanga Dikeledi ankagulitsa kota pakhomo, buledi wobowola uja wothiramo tchipisi ndi soseji. Mwana tinali naye mmodzi yekha, Oratile, ndipo ankaphunzira pasukulu pomwe ndinkagwirapo ntchito. Anali wofatsa. Mowa ayi, fodya ayi, Lamlungu ankaimba kwaya. Chake chinali kujambula. Kumbuyo kwa makope ake onse kunali anthu ouluka okhaokha, ovala zophimba kumaso.

Tsiku lina Desmond anabwera kudzagula kota, naona zojambulazo patebulo. Anali munthu wovala bwino, wolankhula mofatsa. Anatiuza kuti Loweruka masana amasonkhanitsa anyamata ku galaja yake, amasewera masewero a nthano, kuti asamangoyendayenda mumsewu.

"Ntate, mundibwereke mnyamatayu Loweruka lokha," anatero. Ntate kwathu kuno ndiko kunena kuti Bambo. "Ndidzakubwezerani ali ngwazi."

Amake anaseka. Ine ndinalola.

Sindine munthu wongokhulupirira za m'maluwa, choncho ndinapitako kamodzi kukaona ndi maso anga. Munali tebulo lalikulu, pamwamba pake chikatoni chojambulidwa misewu, milatho, banki ndi njanji. Umenewo unali mzinda wawo wongopeka, ankautcha Nsanja za Golide. Mnyamata aliyense anali ndi kachidole kake kopentedwa bwino, ndiye ngwazi yakeyo. Wina ngwazi yake inkanyamula basi ndi dzanja limodzi, wina inkadutsa m'khoma. Ya Oratile inali Chiphaliwali. Munthu ankanena chimene ngwazi yake ikufuna kuchita, kenako n'kuponya madayisi, madayisiwo ndiwo ankagamula ngati zatheka kapena zakanika.

Desmond yekha ndiye analibe ngwazi. Iye anali anthu ena onse otsala mumzindamo: wapolisi, mtolankhani, meya, mayi wogulitsa zipatso, ndiponso magulu onse a zigawenga. Ankasintha mawu mpaka anawo kugwa ndi phwete. Panali gulu la Ana a Utsi lotentha nyumba za anthu, panali la Madokotala a Mdima logulitsa mankhwala oipa, koma gulu lalikulu linali la Afisi a ku Njanji. Afisiwo analibe zidole. Ankawaimira ndi zitsekerero za mabotolo a mowa, zodzaza chitini. Fisi akamenyedwa ndi ngwazi, Desmond ankangomukankhira pansi ndi chala n'kutapa wina m'chitinimo.

Ndinaona kuti ndi zachibwana, koma zosaopsa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Patebulopo panali lamulo limodzi limene ndinalidziwa pambuyo pake. Ngwazi iliyonse inkayenera kubweretsa anthu ake apambali, anthu enieni amene mnyamatayo akuwadziwa bwino, ati kuti mzinda udzaze. Mnyamata wina anabweretsa azakhali ake a shopu ya mafoni. Wina anabweretsa mlamu wake woyendetsa galimoto ya buledi. Oratile anabweretsa ine.

"Papa, mwalowa mumzinda wathu," anandiuza tikudya. "Ndinu mlonda wa sukulu ya Nsanja za Golide. Bra Des amakuimirani ndi nati ya mpope."

"Ndiye mwatchuka pamenepa, bambo ake Oratile," anatero amake. "Anzanu zidole zopenta, inu nati. Bola yosachita dzimbiri."

Tinaseka tonse atatu. Kuyambira pamenepo mafunso anayamba. Geti liti limavuta kutseka? Alamu ya chipinda cha makompyuta imazimitsidwa bwanji? Galu wa pasukulu amamangidwa kuti masana? Oratile ankati Bra Des akufuna kuti nkhani izimveka ngati yeniyeni. Ine ndinkayankha. Ndi bambo uti amene sayankha mwana wake akamufunsa za ntchito yake? Zaka zonse zimene ndinagwira pasukulu paja, palibe munthu anandifunsapo kuti tsiku langa limayenda bwanji.

Zinthu zinatembenuka Loweruka lina pamene Desmond anauza anyamatawo kuti ngwazi zatopa, zipume kaye. Anati aliyense atenge chitsekerero akhale Fisi, aone mzinda kuchokera pansi. Oratile anabwera kunyumba maso akuwala. Anati kukhala Fisi n'kokoma kuposa kukhala ngwazi, chifukwa ngwazi imangokhala kudikira kuti wina alakwe, pamene Fisi ndiye amayambitsa nkhani.

Amake anasiya mpeni wodulira buledi n'kumuyang'ana.

"Mwana iwe, fisi ndi fisi, ngakhale wa pachikatoni. Chimene munthu amaseweretsa pakamwa chimatsikira m'manja."

Iye anangoti amake sadziwa masewero.

Sipanapite nthawi, shopu ya mafoni ya azakhali a mnzake uja inathyoledwa. Kenako galimoto ya buledi ija inalandidwa katundu pamalo pomwe woyendetsa ankakonda kuima kuti amwe tiyi. Oratile anabwera ndi nsapato zatsopano, nati wapambana pamasewero. Kwaya anasiya. Ndinatsegula kope lake lina, ndinapeza kuti anthu ouluka aja kulibenso, kwadzaza afisi oseka.

Ndinapita ku galaja. Ndinapeza Desmond akupenta kachidole ndi kaburashi kakang'ono, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Ndinamuuza kuti mwana wanga asapondenso pamenepo.

"Madala, khalani pansi, mungagwe," anatero. "Ine ndimangokamba nthano. Munamvapo kuti munthu wamangidwa chifukwa cha madayisi?"

Ndinamufunsa za shopu ija ndi galimoto ija. Anati mashopu amathyoledwa tsiku ndi tsiku mu Mamelodi, kodi iye ndi amene anayambitsa? Kenako anapukuta kaburashi kaja, n'kundiyang'ana koyamba.

"Komanso mnyamata wanu wakula, si khanda. Kusukulu kwanuko amamudziwa ngati mwana wa madala otsuka zimbudzi. Pano akalankhula, anzake amakhala chete."

Ndikanakhala munthu wina ndikanamuswa ndi tebulo lomwelo. Ndinatuluka.

Kunyumba ndinamuuza Oratile kuti za galaja zatha. Sanakweze mawu. Anandiyankha mofatsa, kufatsa kwa Desmond kwenikweni.

"Papa, inu moyo wanu wonse mwakhala mukutsegulira ena geti kuti adutse. Ine sindikufuna kukhala munthu wapambali."

Amake analira. Iye ataona misozi analonjeza kuti sapitanso, ndipo Loweruka lotsatira anakhaladi pakhomo, kuthandiza kukazinga tchipisi. Tinati Mulungu wamva.

Lamlungu ine ndimavala yunifolomu ya mpingo. Ovolosi yanga ya kuntchito ndinkaikoleka kuseri kwa chitseko, makiyi a sukulu ali m'thumba momwemo. Ndinkachita choncho kuyambira Oratile akukwawa. Munthu sabisa makiyi m'nyumba mwake momwe. Lamlungu limenelo Oratile anati mutu ukumupweteka, tinamusiya atagona.

Tili pakati pa nyimbo, mayi wina wokhala pafupi ndi sukulu analowa m'tchalitchi ali wefuwefu, n'kundigwira paphewa. Anandinong'oneza kuti anthu agwira wakuba kusukulu, ndipo ndithamange chifukwa wakubayo ndi wanga.

Zimene zinachitika ndi izi. Anyamatawo anatsegula geti ndi makiyi anga, anazimitsa alamu momwe ndinamufotokozera mwana wanga, n'kuyamba kupakira makompyuta m'galimoto ya munthu amene ngakhale iwowo sankamudziwa dzina. Makolo ena ataona geti lili pululu tsiku la Mulungu analiza wezulo, msewu wonse unatuluka. Wagalimoto uja anathawa ndi katundu, kuwasiya anawo pabwalo. Ena anathawira kuseri. Oratile anakwera mpanda, nagwera mbali inayo, mwendo n'kuthyoka m'chiuno. Anthu anamupeza pomwepo.

Ndinafika akumumenya. Ndinagona pamwamba pake ndi yunifolomu yanga ya mpingo, ndodo zina zinatera pamsana panga. Omenyawo sanali achilendo. Anali makolo a ana a pasukulu paja, anthu ogula kota kwa mkazi wanga. Sindiwaimba mlandu. Makompyutawo anali a ana awo. Makiyi anga anali pansi pambali pake, m'fumbi, aliyense akuwaona.

Mufunsa kuti Desmond anali kuti. Nthawi yomweyo anali ku galaja yake, chitseko chili chotsegula, akuphunzitsa tiana ta pulayimale kuponya madayisi. Msewu wonse unamuona. Kukhothi anabwera atavala suti. Anati iye ndi wokamba nthano chabe, ndipo ngati anyamata atenga nthano n'kupita nayo kumsewu, imeneyo ndi nkhani ya makolo awo. Anyamatawo analumbira kuti iye ndi amene anatumiza galimoto, koma umboni panalibe. Munthuyo sankagwira chinthu ndi dzanja lake. Ankangofunsa mafunso n'kumvetsera. Anatuluka m'khothi akukonza tayi.

Oratile anapita kundende. Ine ntchito inatha. Ahedi sanandikalipire, anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi otsala, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ndodo zija. Makasitomala a Dikeledi anayamba kudutsa mbali ina ya msewu.

Ulendo woyamba kukamuona Oratile kundende sanalankhule. Wachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachitatu anabwera akutsimphina, nakhala pansi movutikira, n'kundifunsa ngati ndikukumbukira chitini cha zitsekerero chija.

"Afisi aja analibe maina, Papa. Bra Des ankangoti Fisi woyamba, Fisi wachiwiri. Tsiku lina ndinamufunsa kuti wanga dzina lake ndani. Anati n'kutaya nthawi kutcha dzina munthu woti agwa posachedwa. Tonse tinaseka. Ine ndi amene ndinaseka kwambiri."

Kenako anati, "Mundikhululukire. Inu munali ndi dzina pasukulu paja. Ndakuchotserani ndine."

Ndinamuuza kuti ndamva. Anapempha kuti ulendo wina ndidzamubweretsere mapepala ndi pensulo. Chimene anajambula koyamba anandipatsa. Si munthu wouluka, si fisi. Ndi bambo wovala ovolosi, akutsegula geti, ana akulowa. Kumaso sanamuphimbe. Chili pakhoma kunyumba, pamwamba pa msomali umene ndinkakolekapo ovolosi. Amake amachipukuta fumbi. Ine sindikonda kuchiyang'ana nthawi yaitali.

Tsono inu achinyamata, mverani. Madayisi alibe mlandu, ndipo ndikudziwa kuti alipo ena amene amasewera masewerowa n'kubwerera kwawo ali bwinobwino. Koma kuba sikuyambira pampanda. Kumayambira pamene mwayamba kuseka zoipa, n'kumaona ngati makolo anu ndi opepera chifukwa amadya za thukuta lawo. Munthu akayamba kukufunsani za m'nyumba mwanu, za ntchito ya bambo anu, za komwe azakhali anu amasunga katundu, thawani, ngakhale akufunseni akumwetulira. Wakuba wamkulu sakwera mpanda, amakweza inu. Akakuuzani kuti ndinu wofunika m'nkhani yake, yang'anani kaye chimene wakuimirani nacho patebulo. Amayi anu akakuchenjezani, musawayankhe kuti sadziwa masewero. Mwana wanga anayankha choncho, lero akuyenda chotsimphina m'bwalo la ndende.

Ine tsopano ndimayenda m'makomo kufuna maganyu okonza mipope, ndipo njira yanga imadutsa pa galaja yobiriwira ija. Loweruka masana mumamveka kuseka. Anyamata ake ndi atsopano. Ndauza makolo awo amene ndikuwadziwa, ena amva, ena akuti madala awa ndi nsanje. Chitini chija ndinachiona pawindo, n'chodzaza.

Abusa akuti ndimukhululukire Desmond. Ndawauza kuti ndikuyesa, koma kukhululuka ndi kwina, kubweza ndi kwina. Mwezi watha ndinakumana naye pokwerera minibasi. Anandipatsa moni, "Ntate," ngati palibe chinachitika, n'kundifunsa kuti mnyamata ali bwanji. Ndinamukumbutsa mawu amene ananena pakhomo panga atagwira kota m'manja. Anati sakukumbukira.

Ine ndikukumbukira. Anabwereka mwana woyenda bwino ndi miyendo iwiri, woimba kwaya, nati adzandibwezera ali ngwazi. Mpaka lero Desmond Rampedi sanabweze.