Batire la Makina a Kalembera

Makaiko anakulira m'banja la mapemphero ku Domasi. Bambo ake, a Stephano, anali mkulu wa mpingo. Tsiku limene mnyamatayu analembedwa ganyu yoyendetsa makina a kalembera wa zisankho, anamuitanira pakhonde.

"Ntchito imeneyi ndi ya anthu onse, ukaisamale. Ndipo Success uja umusiye, adzakugwetsa m'dzenje."

"Ndamva," anayankha Makaiko, maso ali pafoni.

Makinawo ankajambula nkhope ndi zidindo za zala, ndipo ankayendera batire lalikulu lotchajidwa ndi dzuwa. Success, mnzake wogulitsa kachasu kuseri kwa msika wa Songani, analiona batirelo n'kumeza mate.

"Aise, magetsi akuzimazima, makasitomala akuthawa. Bweretsa batire tiziimbira nyimbo, mowa uzimwa waulere. Kapena ukuopa a mkulu wa mpingo?"

Ataweruka, Makaiko anamangirira batirelo panjinga n'kupita nalo kwa Success. M'mawa mwake makina anazima dzuwa lisanafike pamutu.

"Ndi netiweki," anauza anthu, mkamwa mukununkha kachasu.

Mawa lake chimodzimodzi. Alimi ankasiya mpunga kudimba, n'kubwerera osalembetsa. Mayi ake atamudandaulira, anawazazira: "Za makina mukuzidziwira kuti inu?"

Tsiku lotseka kalembera, batire linapezeka litapseratu. Mzere wa anthu unali utafika kumsewu. Mayi Hafsa, ogulitsa tomato pa Songani, anatuluka pamzerepo mwaukali.

"Netiweki ya chiyani, wabodza iwe? Batirelo ndinaliona ndi maso angawa likuvinitsa zidakwa kwa Success! Nkhalamba izi zatsika kuphiri wapansi kuti iwe uzizipusitsa?"

"Watibera mavoti!" anakuwa wina.

Makaiko anati athawe, koma mwala unamupeza pakamwa. Apolisi anamulanditsa mano akutsogolo atagwa. Atafunsidwa, Success anangoti, "Ameneyo ndi kasitomala chabe, batire anabwera nalo yekha."

A Stephano anapita kupolisi, koma anakana kukhala pansi.

"Anthu amene wawamana voti ndimapemphera nawo limodzi. Ndiziwayang'ana bwanji? Ukayankhe wekha kukhoti."

Akuluakulu a zisankho anawonjezera masiku a kalembera, koma ambiri okhala kutali sanabwerenso. Tsiku loponya voti linamupeza Makaiko akulima m'munda wa ndende, ndipo kwawo anthu ankalavula akamva dzina lake.

Achinyamata, mowa waulere kulibe. Mukaseweretsa chinthu chimene anthu akusungitsani, amene anakunyengani adzakukanani, ndipo chilango mudzachisenza nokha.