Mizukwa ya pa Bwalo la Soche

"Adadi, nanga wagwayo amudzutsa ndani?"

Sungeni anafunsa zimenezi ali ndi zaka zisanu, tsiku limene bambo ake, Lemani Chikaonda, anapita naye kuntchito chifukwa chosowa womusiyira. Amayi ake a mwanayo ankagwira ntchito ku minda ya dzuwa ya mumlengalenga, kumene amisiri amakolola magetsi n'kumawatumiza pansi pano, ndipo kumeneko munthu sabwerako wamba. Tsono bambo ndi mwana anakhala awiriwiri pa mipando yapamwamba ya bwalo la basiketibo la timu ya Ziphaliwali za Soche, mumzinda wa Blantyre, akuyang'ana pansi.

Pansipo masewera anali atatentha. Osewera khumi ankathamanga, kupatsirana mpira, kudumpha mpaka kukhudza dengu. Koma nsapato sizinkalira pathabwa, ndipo fungo la thukuta panalibe. Onsewo anali opangidwa ndi kuwala kochokera m'timagalasi ta kudenga. Makina oyendetsa zimenezi dzina lake anali Mlosi. Ankauzidwa zonse za wosewera aliyense wa mu ligi: msinkhu, liwiro, kugunda kwa mtima, ngakhale mbali imene amakonda kutembenukira akapanikizika. Kenaka ankaumba chifaniziro cha munthuyo n'kuchiseweretsa. Opanga makinawo anapatsa zifanizirozo dzina lalitali lovuta kutchula, koma anyamata a timu anangoti ndi mizukwa, ndipo dzinalo linakakamira.

Mzukwa umodzi unali utagwa pansi pa dengu. Inzake inangodutsa mkati mwake ngati mu utsi, masewera n'kumapitirira. Lemani asanayankhe mwana wake, foni ya pamkono inalira. Abwana ankamufuna.

"Ndikuuza bwino, mayi wanga. Tiye kaye."

Inali nyengo yopuma, pamene ligi yatha ndipo matimu amagula osewera ena n'kutulutsa ena. Ntchito ya Lemani inali kuyesa maganizo a mabwana pa Mlosi. Tikatenga uyu n'kusiya uyo, chaka chamawa tidzathera pati? Mlosi ankasewera chaka chonse kambirimbiri m'mawa umodzi, Lemani n'kukafotokoza zimene waona. Inali ntchito ya munthu mmodzi. Masiku ambiri m'bwalo lonselo munkakhala iye yekha, akudya chimanga chake chootcha pakati pa mipando yopanda anthu.

Mayi Chinguwo, mkulu wa timu, sankakonda kuzungulira.

"Tandiuzani a Chikaonda, tagula anthu kapena tagula mavuto?"

"Tagula anthu, mayi. Mapasa aja a ku Beira atseka pansi pa dengu, malo amene chaka chatha tinkangodyerapo. Woponyera patali wa ku Lusaka uja dzanja lake silinjenjemera, kungoti kutchinga n'kwaulesi, ndiye mapasawo adzimuphimba. Koma mwala wa mtengo wapatali ndi Lusekelo, mnyamata wa ku Karonga uja. Amaona mpata usanatseguke. Mantha anga ndi akuti timuyi ndi ya ana okhaokha, ndipo sadziwana."

"Mlosi akuti chiyani?"

"Akuti tikhoza kufika pa ndime yomaliza."

"Ndiye kudziwanako adzadziwirana m'zipinda. Aliyense akhala ndi chipinda chake choyeserera, azisewera ndi mizukwa ya anzake. Kulibe kuvulazana, kulibe mikangano, ndipo mzukwa sutopa. Chatsala ndi chimodzi. Bizaliele."

Lemani anayang'ana pansi. Bizaliele, amene aliyense ankangomutcha Biza, anali wamkulu pa osewera onse. Maondo anali atatha, ndipo nthawi zambiri ankakhala pa benchi. Lemani anali atamuyesa pa Mlosi mobwerezabwereza, akufunafuna njira yomupulumutsira, koma yankho silinasinthe: Biza akhalepo, asakhalepo, timu siipindula kapena kutaya kanthu. Chimene Lemani ankadziwa n'chakuti wosewera akagwa, kaya wawo kaya wa timu ina, dzanja loyamba kufika linkakhala la Biza. Koma zimenezi Mlosi analibe pozilowetsera, ndipo zinkamveka zachibwana kuzinena mu ofesi yoziziritsidwa ngati imeneyi.

"Muli ndi mawu?" anafunsa Mayi Chinguwo.

"Ayi, mayi. Mlosi wanena."

Biza anabwera kudzatenga katundu wake masana a tsiku lotsatira, akuseka ngati palibe chachitika.

"Mphwanga, mizukwa yako yandidya ndili moyo!"

"Pepani achimwene, ndinayesetsa..."

"Usapepese iwe. Maondo angawa nawonso anavotera mizukwa yomweyo. Ndikupita ku Thyolo, nthochi sizifunsa kuti umadumpha bwanji." Anakoleka chikwama paphewa, nkhope n'kusintha pang'ono. "Koma kamnyamata ka ku Karonga kaja, wina akakalandire kudepoti. Mlendo sumusiya kuti azifunsa njira kwa makina."

Lemani anavomera. Anamuperekeza mpaka pakhomo pokha, chifukwa cha manyazi. Ndipo tsiku limene Lusekelo anafika, timu inatumiza galimoto yodziyendetsa yokha, Lemani ali kotenga mwana kusukulu.

Miyezi yokonzekera inadutsa mwakachetechete. Lemani ankakhala patsogolo pa magalasi oonetsa zipinda zonse. Mu chipinda chilichonse munali munthu mmodzi, thukuta lili kamukamu, akukuwira kuwala kuti kumupatse mpira. Ankasewera bwino modabwitsa. Akamaliza, aliyense ankatulukira khomo lake pa nthawi yake.

Tsiku lina Lemani anapeza Lusekelo atakhala pamasitepe, akudya yekha.

"Akulu," anatero mnyamatayo, Chichewa chake chikumveka cha kumpoto, "kodi anzanga aja amabwera liti?"

"Si uli nawo tsiku lililonse?"

"Awo sanunkha thukuta. Ndikawaseka sandibwezera."

Lemani anaseka naye, koma atakwera sitima ya pachingwe yopita kwawo ku Chilobwe, mawuwo anamutsatira. Naye kunyumba ankalankhula ndi mkazi wake pagalasi, nkhope ikuoneka bwinobwino, koma osatha kumugwira ngakhale chala.

Masewera oyamba a ligi anali Loweruka masana, ndi Njati za Kasungu. Bwalo linadzaza, ng'oma ndi malipenga zili pokopoko. Lemani anakhala pamalo ake akale pamwamba, Sungeni ali pamiyendo pake. Ziphaliwali zinasewera monga Mlosi ananenera. Mapasa anatseka dengu, wa ku Lusaka ankaponya mpira ngati waumanga chingwe, ndipo Lusekelo ankapereka mpira osayang'ana n'komwe, ukukapeza mwini wake ali kale pamalo. Ochemerera anayamba kuimba dzina lake.

M'chigawo chachitatu Lusekelo anadumpha, nawombana ndi wotchinga wa Njati, n'kugwera pa bondo. Mpira unali udakali m'manja mwa Ziphaliwali, choncho woyimbira sanaimitse masewera. Mnyamata wa ku Lusaka ankabwera ndi liwiro kumbuyo. Sanapatuke, sanadumphe. Analunjika pa Lusekelo monga ankachitira ndi mzukwa wogwa, kufuna kudutsa mkati mwake. Nsapato yake inamenya nthiti za mnzakeyo, iye n'kudzandira, kudabwa kuti wagunda chinthu cholimba. Mmodzi wa mapasa anatola mpira n'kugoletsa.

Pinto wa woyimbira analira. Ng'oma zinaleka imodziimodzi.

Lusekelo anali chigonere, atakweza dzanja limodzi m'mwamba. Anzake anayi anabwerera aliyense pamalo pake, manja m'chiuno, akupuma. Sanali anthu oipa mtima. M'zipinda muja mzukwa ukagwa unkathwanima kamodzi n'kupezeka waimanso wokha, tsono iwo ankadikira zomwezo. Dzanja lija linakhala m'mwamba, bwalo lonse likuliona.

Lemani anatsitsa mwana n'kuyamba kuthamanga pamasitepe, akukankha anthu. Koma pamwamba paja panali patali. Pamene ankafika m'mphepete mwa thabwa, ngolo ya chipatala inali itafika kale, ndipo mikono yake yachitsulo inali itamunyamula mnyamatayo mosamala kwambiri.

Ziphaliwali zinapambana tsiku limenelo. Madokotala a masiku amenewo bondo ankalilumikiza ngati akusoka malaya, moti sabata isanathe Lusekelo anali akuyenda. Koma anapempha kuti amumasule abwerere kwawo. Lemani anamupeza akumanga katundu.

"Bondo lapola, akulu, nthiti zapola," anatero. "Koma dzanja lija ndinalikweza. Kwathu pa bwalo la fumbi, ngakhale amene wakugwetsa ndi amene amakudzutsa. Kuno ndinaona nsapato zokhazokha."

Ulendo uno Lemani anamunyamulira chikwama mpaka kudepoti, nadikira mpaka basi itanyamuka.

Atabwerako, Mayi Chinguwo anamuitanitsa. Nawonso ankaoneka kuti zawakhudza.

"Mlosi akuti popanda mwana uja tithera pakati. Tsono a Chikaonda, simungaiphunzitse mizukwayi kuti izidzutsana, anyamata aziona?"

"Ingathe kuonetsa, mayi, koma kuwala sikugwira dzanja la munthu. Ine ndikupempha zinthu ziwiri. Anyamata aziyeserera pa bwalo limodzi, azigundana, azitukwanana. Ndipo mundilole ndipite ku Thyolo."

"Kwa Bizaliele? Mesa munati Mlosi wanena?"

"Mlosi ananena zoona pa zimene tinamufunsa. Ine ndi amene ndinakhala chete."

"Akakana?"

"Akakana ndiye kuti wakana. Koma ndikamuuze ndi pakamwa panga kuti tikumufuna, ngakhale asadzagwirenso mpira. Mwina iyeyo akaimba foni ku Karonga, mwana uja angamve."

Mayi Chinguwo anagwedeza mutu kuvomera.

M'mawa wa ulendowo Lemani anakhazika Sungeni pa kampando pakhonde n'kumamuluka tsitsi. Ankaluka mizere yokhotakhota, monga bambo amene anaphunzira ntchitoyi mochedwa, ndipo mwanayo ankadandaula kuti akumukoka.

"Sungeni, ukukumbukira funso lako lija?"

"Liti, adadi?"

"La munthu wogwa uja. Unafunsa kuti amudzutsa ndani."

Mwanayo anatembenuka, theka la mutu loluka, theka losaluka. "Eee! Simunandiyankhe."

Lemani anamutembenuzanso mutu pang'onopang'ono, nagwira tsitsi lotsala.

"Palibe makina amene amamudzutsa, mwanangu. Amatha kumunyamula, koma kudzutsa ayi. Munthu akagwa amakhala pomwepo, dzanja lili m'mwamba, mpaka mnzake atasiya zimene akuchita n'kupita kukaligwira."