Madzi Amene Phungu Sanamwe

Nyumba ya ba Mulubwa ku Libala inali yaing'ono, koma Lachisanu dzuwa likamalowa nyimbo zolandira Sabata zinkamveka mpaka kumsewu. Bamboyo ankaphunzitsa kusekondale, akazi ake ba Elizabeth anali namwino. Mwana wawo wamkazi, Salifyanji, anakula ali wakuthwa pakamwa komanso wosaopa ntchito. Mvula ikatseka ngalande ndi zinyalala, iye ndiye ankasonkhanitsa achinyamata a kutchalitchi kukafukula ndi mafosholo. Anthu anamusankha kukhala kansala asanakwatiwe n'komwe, ndipo pachisankho chotsatira anamutumiza ku Nyumba ya Malamulo kukhala phungu wa dera lawo.

Chaka choyamba anagwira ntchito, zimenezo palibe angakane. Kumalire a dera lake kunali komboni kumene amayi ankatunga madzi m'zitsime zosazama zoyandikana ndi zimbudzi, ndipo dzinja lililonse kolera inkatola ana. Salifyanji analankhula za komboniyo m'Nyumba ya Malamulo mpaka aphungu anzake anatopa naye. Mapeto ake ndalama zinapezeka zokumbira chitsime chakuya, cha thanki pamwamba ndi mipopi pansi. Anapita yekha kukawauza anthu kuti madzi abwino akubwera.

Apa ndi pamene anatulukira ba Dunstan. Mkulu ameneyu anali atayendetsapo kampeni za aphungu angapo, ndipo zipani ankasintha ngati malaya. Anamupeza Salifyanji atatopa, nsapato zili matope okhaokha, namuseka.

"Ba Onalebo, muzivutisa chabe," anatero, pomutchula dzina laulemu la aphungu. "Bantu sibavotela nchito. Bavotela chithunzi. Imwe dulani liboni, zinangu musiyile ise."

Salifyanji anaseka nawo, koma mawuwo anawasunga. Ntchito yeniyeni imachedwa, ndipo palibe amakuombera m'manja uli pamzere ku ofesi kudikira siginecha.

Anayamba ndi madesiki. Ba Dunstan anabwereka madesiki kusukulu ina, anawapaka vanishi, phungu anakawapereka kusukulu yachiwiri atolankhani akujambula, ndipo lole yomweyo inawabweza ana ataweruka. Palibe anafa, palibe anafunsa. Kenako inabwera ambulansi yobwereka kuchipatala cha munthu wina ku Woodlands, yomatidwa nkhope ya phungu pachitseko. Inazungulira dera lonse ikulira, mawa lake inabwerera kwa mwini wake.

Dzina la Salifyanji linakula. Anasamukira ku Kabulonga, m'nyumba ya mpanda wautali ndi mlonda pageti. Lachisanu madzulo tsopano kunali maphwando, ndipo vinyo amene poyamba ankangomugwira m'manja pochita ulemu anayamba kumutsikira kukhosi. Mpando wake m'Nyumba ya Malamulo unkakhala wopanda munthu masiku ambiri.

Ba Elizabeth anapita kukamuona. Mlonda anawaimika pageti nthawi yaitali ndithu asanawalole kulowa. Tiyi anakana. Anamuuza mwana wawo kuti mayi wina wa m'komboni anachirira panjira, pawilibala, abale ake akufunafuna ambulansi imene anaiona ndi maso awo ikuzungulira.

"Sali, mwana wanga, bodza la m'nyumba limapweteka a m'nyumba. Koma iwe ukanama, anthu amakonza moyo wawo motsamira bodza lakolo. Leka."

Salifyanji anayankha kuti ba mayo, kunena amayi akewo, sadziwa ndale, ndipo anauza dalaivala kuti awaperekeze. Iwo anati miyendo ali nayo, nakakwera minibasi. Bambo ake anayesa kumuimbira kangapo, iye osayankha.

Nanga chitsime chija? Ntchito anaipereka kwa mlamu wake wa ba Dunstan, munthu amene sanakumbepo ngakhale dzenje la zinyalala. Anaimika thanki, anaika mipopi yonyezimira, anabowola pang'ono n'kugunda mwala, basi. Ndalama zotsala zinathera m'maphwando a ku Kabulonga ndi matayala a galimoto. Chisankho chinali pafupi, ndipo tsiku lotsegulira chitsime linali litalengezedwa kale pawailesi.

M'mawa wa tsikulo ba Dunstan anamuuza phungu m'galimoto kuti asadandaule, thanki yadzaza. Salifyanji anafunsa kumene madzi achokera. Mkuluyo anati galimoto za madzi abwino zinali ndi mzere wautali, choncho anyamata anakapopa m'chidzenje cha kumene amaphwanya miyala, kuseri kwa komboni. Salifyanji ankachidziwa chidzenjecho. Mvula ikagwa, zonse za m'zimbudzi zinkatsikira mmenemo.

"Ni ya chithunzi chabe," anatero ba Dunstan. "Bakachoka ba nyuzi, tizataya."

Salifyanji anali mwana wa namwino ndipo ankadziwa bwino lomwe kuopsa kwa madzi oterowo. Koma anangoyang'ana pawindo, galimoto n'kumapita.

Anthu anabwera ngati kumsonkhano wa misasa. Amayi anavala zitenje za nkhope yake, zigubu ndi ndowa zitandandalikidwa kale pamzere. Kutsogolo kunali Mwaba, mnzake wa Salifyanji wa m'kwaya kuyambira ali ana, amene ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, ku City Market ndipo ankakhala m'komboni momwemo. Mwaba ndi amene anayenda khomo ndi khomo kumupemphera mavoti mnzakeyo. Tsikuli anabwera ndi mwana wake Bethany, wa giredi 2, atamumanga maliboni kumutu kuti akapereke maluwa kwa phungu.

Liboni inadulidwa, mpopi unatsegulidwa, madzi anatuluka. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu waukulu. Ndiye pamwambo wotere mlendo wolemekezeka ndi amene amamwa kapu yoyamba, kuti anthu aone kuti madziwo ndi abwino. Wapampando wa komboni anatunga m'kapu ya galasi n'kumupatsa phungu ndi manja awiri.

Madziwo ankaoneka oyera ndithu. Salifyanji anaikweza kapuyo kufika pachibwano, makamera ali pamphuno pake, moti kunamizira kumwa sikukanatheka. Anayang'ana pansi, naona Bethany ataima ndi maluwa ake. Anagwada, namwetulira.

"Aya manzi si yanga," anatero mokweza. "Ni ya bana batu."

Anamumwetsa mwanayo kapu yonse. Anthu anaomba m'manja, ena misozi inalengeza poona kudzichepetsa kwa phungu wawo. Mwaba anamukumbatira.

Mwambo utatha, mzere wa zigubu unayamba kuyenda. Salifyanji ananong'oneza ba Dunstan kuti atseke mipopi. Iwo anati atolankhani akadalipo, ndipo kutseka madzi pamaso pa khamu lotero n'kudzikumbira manda. Chimkuzamawu chinali patebulo pomwepo, mawu amodzi okha akanakwana. Salifyanji anachiyang'ana, kenako anakwera galimoto. Pofika madzulo thanki inali itauma, madzi onse ali m'nyumba za anthu.

Chithunzi cha phungu atagwada kumwetsa mwana chinazungulira m'mafoni Lusaka yense. Pasanathe sabata imodzi, komboni inayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Odwala ankawanyamula pamawilibala. Anthu angapo anamwalira, ambiri mwa iwo ana, ndipo woyamba anali Bethany.

A zaumoyo anayeza zotsalira pansi pa thanki, napezamo kolera, napezanso kuti paipi yolowa pansi sinafike pamadzi alionse. Dalaivala wa galimoto imene inakapopa madzi kuchidzenje anaulula zonse. Ba Dunstan anauza apolisi kuti iwo anali wantchito chabe, ndipo anamuchenjeza phungu m'galimoto za kumene madzi achokera. Pa mfundo yokhayo, mkulu wabodzayo ananena zoona.

Salifyanji anapita kunyumba ya maliro, atavala chitenje ndi duku, wopanda kamera. Amayi anali atakhala pansi m'nyumba, mipando itatulutsidwa panja. Atalowa, nyimbo inaduka. Anakwawa ndi maondo kufika pamene panakhala Mwaba. Mwaba sanalire, sanatukwane, ndipo sanamutchule Onalebo.

"Sali, niuze chimozi chabe. Pamene unamupasa kapu, unali uziba?"

Salifyanji akanatha kunama, pakuti anali atazolowera, koma bodza linakana kutuluka. Anagwedeza mutu kuvomera. Mwaba anatembenukira kukhoma. Amayi awiri anamugwira Salifyanji m'mikono n'kumutulutsa, mwaulemu ndithu, ndipo nyimbo inayambiranso iye ali pakhomo.

Chipani chinamutaya sabata yomweyo. Kukhoti anavomera milandu yonse, ngakhale loya wake anamuletsa, ndipo analamulidwa kukakhala kundende. Nyumba ya ku Kabulonga muli anthu ena. Ba Dunstan anatuluka pa belo, ndipo akuti anawaona atanyamula chikwama cha munthu wina wofuna uphungu. Ba Mulubwa ndi akazi awo amapita kukamuona mwana wawo, amapemphera naye, ndipo akuti analapa. Mwina Mulungu anamukhululukira, pakuti chifundo chake n'chachikulu. Mwaba sanapiteko, ndipo palibe angamukakamize.

Inu achinyamata amene mukulakalaka maudindo, imvani izi. Salifyanji sanadzuke tsiku limodzi n'kuganiza zopha mwana wa mnzake. Anayamba ndi madesiki obwereka, akudziuza kuti palibe amene akupwetekeka, ndipo bodza lililonse linafuna lina lalikulu loti liliphimbe. Mukapatsidwa ntchito yotumikira anthu, igwireni, ngakhale ichedwe, ngakhale pasakhale wokujambulani. Ikakukanikani, pitani mukawauze anthuwo kuti yakanika. Adzakwiya, mwina sadzakuvoteraninso, koma ana awo adzakhala ndi moyo. Ndipo chimene inu mukuopa kumwa, musamwetse mwana wa munthu.