Mphini za Bester

M'nyumba ya a Lawrence Mkwanda ku Wakefield, m'dziko la Mangalande, ukangolowa umachita kudziwa kuti muno mumakhala anthu opemphera. Bambowo ankagwira ntchito yolongedza katundu, akazi awo a Edwina ankasamalira okalamba, ndipo Lamulungu ankakwera sitima ya ku Leeds kukapemphera ndi Amalawi anzawo. Mwana anali naye mmodzi yekha, Bester, yemwe anachoka naye ku Zomba ali wamng'ono. Ku Zombako ankakonda kuonerera asilikali akuguba, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unali pa usilikali basi.

Mu 2016, msinkhu utakwana, anapita ku ofesi yolembera asilikali ku Leeds. Anamuuza kuti zaka zake zili bwino, mapepala ake okhalira m'dzikomo alinso bwino. Chotsala chinali choti asakhale ndi mlandu, asamagwiritse ntchito mankhwala ozunguza bongo, komanso dokotala amuone thupi lonse. Bester anamwetulira, koma panali vuto. Mnyamata ameneyu, woimba kwaya bwinobwino, anali atayamba kusuta chamba.

Anamuphunzitsa ndi Friday, mnzake wa kuntchito, munthu wa pakamwa potsekemera. Amayi ake a Bester anamva fungolo m'jekete yake pochapa.

"Mwanawe, fungo ili ndikulidziwa," anatero a Edwina. "Siya lero, uwauze bambo ako zoona. Usilikali ungathe kudikira."

Bester anawakanira maso ali gwa, amvekere ndi fungo la anthu a m'basi.

Tsiku lokaonana ndi dokotala litayandikira, mantha anamugwira zenizeni. Anali atamva kuti kumeneko amayeza mkodzo, koma kusiya chambacho kunkamukanika. Chakudya chinasiya kulowa. M'malo mogwada n'kulapa, anakadandaulira Friday yemweyo.

"Aise, ukuopa chiyani?" anatero Friday akuseka. "Ku Hull kuli madala ena a kumudzi, amatema mphini. Akakutema, makina a azunguwa saona kanthu. Ngakhale chipolopolo chimangokulambalala."

Loweruka masana Bester anakwera basi ya ku Hull. Madalawo ankakhala m'kachipinda pamwamba pa sitolo, makatani ali otseka. Anatulutsa lezala m'kachitini, analipukuta pa thalauza, n'kumutema Bester m'mikono, pachifuwa ndi kumbuyo kwa khosi, kenako anatikita mankhwala akuda m'mabalamo. Pomutsanzika anamuopseza kuti akadzangoulula kwa munthu kuti anamutema ndani, mankhwalawo adzasuluka ndipo iyeyo adzapenga, adzayenda wamaliseche m'misewu ya Leeds. Sabata yonseyo anavala malaya a manja aatali, n'kumapewa maso a amayi ake.

Tsiku lija linafika. Dokotala anali mayi wachizungu wolankhula mofatsa. Anamuyeza maso, makutu, mtima, zonse bwino. Kenako anamuuza kuti avule malaya. Ataona timizere tatsopano tondondozana m'mikonomo, anasiya kulemba.

"Wakuchekacheka chonchi ndani?"

Bester anaganiza kuti akanena za madala a ku Hull, apenga, ndiponso afunsidwa chimene anakatemera. Anafunafuna yankho lopanda vuto, ndipo m'nzeru zake zoperewerazo anaona ngati walipeza.

"Ndinadzicheka ndekha," anayankha m'Chingerezi.

Kalanga ine! Mwana wa Mkwanda sankadziwa kuti kwa dokotala wa kuno, munthu wodzicheka m'mikono ndi munthu wosweka mumtima, woti angathe kudzichotsera moyo. Mayiyo anamuyang'ana mwachisoni, anamufunsa ngati kunyumba kuli mtendere, ngati amagona tulo. Bester anayesa kubweza mawu, akuti anagwera pa waya, akuti ndi mwambo wa kwathu, koma bodza lililonse linkangoipitsa linzake. Dokotalayo anamuuza kuti iye sangavomereze kuti munthu wodzivulaza apatsidwe mfuti. Za chamba zija sanafikeko n'komwe.

Anafika kunyumba thupi likutentha, mikono itatupa. A Edwina anakwinya malayawo mokakamiza, ndipo ataona mphinizo anakhala pansi mwadzidzidzi. Sanafunse za usilikali. Anangofunsa ngati lezalalo linali latsopano. Bester anapukusa mutu, n'kuyamba kulira ngati khanda. Anaulula zonse pamaso pa bambo ake, akudikira kuti misala ija imugwere pomwepo. Palibe chinachitika. Anangotsala ndi manyazi, ndi miyezi yowawa yodikira zotsatira za magazi ku chipatala, akudzidzimuka foni ikangolira.

Mulungu anamuchitira chifundo, magazi anapezeka abwino. Chamba anasiya, kwaya anabwerera, koma usilikali uja anausiya m'chipinda cha dokotala. Lero amalongedza katundu limodzi ndi bambo ake, ndipo ngakhale dzuwa liwale bwanji sapinda malaya.

Achinyamata, imvani. Bester akanamvera amayi ake n'kusiya chamba, bwenzi atangochedwa pang'ono. Iye anasankha kubisa tchimo ndi tchimo linzake, ndipo chimene anakatenga kuti chimuteteze ndi chimene chinamutsekera khomo. Mukalakwa, ululani msanga, musanakwere basi ya ku Hull.